Mkamwini Amene Anabwera ndi Nyumba Yamatayala

Zimitsani kaye njinga zanuzo, anyamata inu, utsi ukundilowa m'maso. Dzuwa limeneli palibe wokwera kabaza, ndiye bwerani pamthunzi pano ndikuuzeni kumene unachokera mwambi uja amakunenerani amayi anu m'mawa uliwonse mukamanyamuka. Inu mumayesa unagwa kumwamba ngati matalala. Ayi, uli ndi mwini wake, ndipo chiyambi chake n'chotere.

Kunali bambo wina dzina lawo a Layisoni Phwitiko, dalaivala wa mathiraki akuluakulu opita kunja. Ine ndinawaona ndi maso angawa, ndipo ngakhale ndinagwirapo chiwongolero inenso, pamaso pa iwo ndinali khanda. Msewu wa ku Beira ankaudziwa ngati njira ya kuchimbudzi kwawo. Ku Joni anapita, ku Dalesalamu anapita, koma moyo wawo wonse sanagundepo ngakhale nkhuku. Akamabweza thiraki chammbuyo polowa pachipata chopapatiza, anthu ankasiya ntchito kudzaonerera, ena mpaka kuwomba m'manja. Liwiro ndiye musanene. Inu mumati mumathamanga ndi tinjinga tanuti, koma a Phwitiko akakupitirira unkangomva mphepo, n'kumafunsa mnzako kuti chadutsachi n'chiyani.

Anali ndi kachitsulo kawo kotalika ngati mkono, kosalala chifukwa chogwiridwa zaka zambiri. Paliponse pamene aima, asanamwe ndi madzi omwe, ankazungulira thiraki yonse akugogoda tayala lililonse. Tayala likalira kuti ngwii, ankamwetulira. Likangoti phu, nkhope inkagwa, ndipo samachoka pamalopo mpaka litapopedwa.

"Tayala lofewa ndi manyazi a dalaivala," ankatero a Phwitiko. Ndipo pamsewu wa phula ankanena zoona.

Koma munthu sakoma ponseponse. A Phwitiko anakwatira kuno kwathu kuchigwa, kutsidya kwa mtsinje wa Nyamphota, mayi wofatsa amene tonse tinkamutchula kuti aNangondo. Mwambo wathu mukuudziwa: mkamwini amamanga nyumba kwawo kwa mkazi, kuti mkaziyo akhale ndi khomo lakelake pakati pa abale ake. A Phwitiko anapempha kuti atenge kaye mkazi wawo kupita naye ku Blantyre kumene kunali ntchito, ndipo analonjeza pamaso pa ankhoswe kuti nyumba adzamanga akangobwerako ulendo umodzi wa ku Beira. Mlongo wawo wa aNangondo, a Bitoni, amene anali mwini mbumba, anavomera.

Ulendo umodziwo unabala unzake. Ana anabadwa, anakula, anakwatira, imvi zinamera m'mitu ya onse awiri, nyumba osaoneka. Akabwera kumudzi pamaliro kapena paukwati, moni wa a Bitoni unali umodzimodzi.

"Mwayenda bwanji, alamu? Nanga nyumba ija?"

"Timanga, alamu, timanga. Ndingobwerako kaye."

"Ndiye kuti njerwa zake zikuumbidwa ku Beira," ankatero a Bitoni akufwenkha fodya wawo.

A Phwitiko atapuma pantchito, tsiku lina foni inalira kuchokera kumudzi. A Bitoni anali atadwala, miyendo itatupa, kudya akungolawa. Uthenga wawo unali waufupi: auzeni alamu kuti ndikufuna ndione khomo la mlongo wanga ndisanatseke maso. ANangondo atamva analankhula zimene anazisunga mumtima kuyambira ali mtsikana.

"Abambo, ine sindinakudandauleni chiyambire. Mwandiveka, mwandidyetsa, ana mwaphunzitsa. Koma ndikapita kwathu ndimagona pamphasa m'nyumba ya mng'ono wanga ngati mlendo. M'mawa akazi anzanga akamasesa pakhomo pawo, ine ndimangoima manja ali kumbuyo, chifukwa ndilibe posesa. Achimwene akapita asanaone khomo langa, ine ndidzakhala mlendo kwathu komwe mpaka kumanda."

Mawu amenewa anawalowa a Phwitiko mpaka m'mafupa. Anali munthu wokonda mkazi wake, ndipo anachita manyazi aakulu.

"Ndamva, aNangondo," anatero. "Kuumba njerwa, kuziotcha, kudikira amisiri, alamu sangadikire zonsezo. Komanso ine njerwa sindiidziwa. Chimene ndimadziwa ndi galimoto. Mundipatse masabata ochepa."

Apa ndi pamene ndimawavulira chipewa bambo amenewa. Munthu wina akanangogula malata n'kutumiza pabasi. Iwo anakumbukira kuti kuseri kwa galaja ina ku Limbe kunali chigalimoto chakale cha alendo oona malo, aja amayenda m'tchire n'kumagona momwemo. Chinali chilole chachikulu chokoka ndi matayala onse anayi, kumsana kwake kuli nyumba yeniyeni. Chinafa injini eni ake n'kuchisiya, nkhuku za mlonda zikuikira mazira pansi pake. A Phwitiko anachigula, anavula malaya, analowa pansi. Anatulukako mafuta ali mpaka m'makutu, injini ikulira bwinobwino ngati yatsopano.

M'katimo munali bedi la anthu awiri, kabati, tebulo lopinda, mbaula yophikira, ndi thanki ya madzi pansi. ANangondo anasoka makatani a chitenje cha maluwa. A Phwitiko anapenta kunja konse mtundu wobiriwira, anakhoma kakhonde ka lata pamwamba pa chitseko, napachika tsache latsopano pamsomali pafupi ndi khomo. Tsachelo anagula okha, osauzidwa ndi munthu.

Chotsala chinali chimodzi, matayala. Akalewo anali atang'ambika zikang'a ngati zidendene za m'mwezi wa Juni. Ndiye anapita kusitolo ya matayala, aNangondo ali pambuyo ndi ndodo yawo, pakuti bondo lakumanzere linali litayamba kuwavuta.

Wogulitsa anali mayi wina wansangala, ndipo anawagubuduzira mitundu itatu. Loyamba linali tayala lopyapyala la mizere yowongoka, la pamsewu wa phula. A Phwitiko analisisita ngati bwenzi lakale, koma analisiya, podziwa kuti kumudzi kulibe phula. Lachiwiri linali lotakata, lamizere yosaya, lofewa m'mbali. Analigogoda ndi kachitsulo kaja, tayala linangoti phu.

"Ili mwapopa?"

"Lapopedwa, bambo. Ndi mmene limakhalira."

"Ndiye kuti linabadwa laulesi. Chotsani."

Lachitatu linali ndi mano akuluakulu ngati a thirakita, lolimba gwa. Atagogoda linalira kuti ngwii, mpaka galu amene anagona pakhonde la sitolo anadzuka. Maso a a Phwitiko anawala.

"Ili ndiye tayala! Taonani mano akewa. Ili likaluma dziko, dziko limadziwa kuti lalumidwa."

ANangondo anali atakhala pampando, ndipo anatambasula dzanja n'kudina tayala lotakata lija ndi chala chachikulu, monga muja amachitira pogula papaya.

"Abambo, kwathu mwezi uno kulibe matope. Kuli mchenga wa Nyamphota, ndipo mchenga sulumidwa. Ili lofewali bwanji?"

"Aa, aNangondo, inu makatani mwasoka bwino kwambiri, ndipo ine sindinalowererepo. Zamatayala ndisiyireni. Nyumba yolemera chonchi ingayende ndi nsapato zofewa?"

Mayi wogulitsa uja anati iye mchenga wa kuchigwa sanauonepo, amangogulitsa chimene mwini wakonda. ANangondo sanalimbikire. Anali mayi woti akanena kamodzi, wanena. Matayala anayi a mano anamangidwa, a Phwitiko anaimirira pomwepo kuonetsetsa kuti lililonse lapopedwa mpaka kulira.

Tsiku laulendo ananyamuka m'mamawa. Kutsika mapiri aja a ku Thabwa, kumene madalaivala ambiri amapempherera mabuleki, a Phwitiko anatsika ndi dzanja limodzi, nyumba yonse ikukhota nawo mwaulemu, ngakhale kapu imodzi osagwa m'kabati. Ana m'mbali mwa msewu ankathamangira kukaitana amayi awo kuti adzaone nyumba ikuyenda. Atafika pansi anaima pamalo opopera matayala, anazungulira ndi kachitsulo kawo. Tayala limodzi lakumbuyo linalira mosawakhutiritsa.

"Onjezera mpweya, mphwanga," anauza mnyamata wopopa. "Onsewo onjezera. Kumene tikupita kulibe pampu."

Anaonjezera mpaka matayala anauma ngati mitondo.

Dzuwa lili pamutu anafika pa Nyamphota. Ena mwa inu mukuudziwa mtsinjewu. M'chilimwe mulibe madzi ngakhale dontho pamwamba, ndi mchenga wokhawokha, woyera, wotakata kuposa mabwalo awiri a mpira, wotentha moti nkhuku imadutsa ikudumphadumpha. Amayi amakumba zitsime momwemo n'kumatunga ndi chikho. Tsiku limenelo analipo ambiri, ena akuchapa, ndipo amuna angapo anali kudzaza ngolo ndi mchenga womangira. Kutsidya kunkaoneka mitengo ya masawu ya mudzi wa aNangondo. Uthenga unali utafika kale, ndipo a Bitoni anali atawanyamulira pampando pansi pa mtengo umodzi, atafunda bulangete ngakhale kunkatentha, maso ali kumtsinje.

A Phwitiko anayang'ana mchengawo ngati mmene ankayang'anira chitunda chilichonse m'moyo wawo.

"Gwiritsitsani, aNangondo. Malo ovuta amafuna liwiro. Ukazengereza watitimira."

Anabwerera m'mbuyo kuti apeze pothamangira, analiza hutala kawiri kuti alamu amve, n'kuipatsa moto. Nyumba inatsika gombe ikuuluka, makatani akupepeluka m'mazenera, amayi akuthawa ndi ndowa zawo. Inalowa mumchenga mwaukali, inapita, inapita, kenaka inayamba kulemera ngati munthu wothamanga m'maloto. Isanafike ndi pakati pomwe, inaima.

Koma a Phwitiko sanadziwe kuti aima. Fumbi linali litatseka galasi, injini ikubangula, nyumba yonse ikunjenjemera, ndipo kamuvi koonetsa liwiro kanali kakukwerabe, chifukwa matayala ankazungulira ndithu.

"Mwaona, aNangondo? Tili pa sikisite! Ndati mano amenewa ndi mano!"

ANangondo anasuzumira pazenera la mbali yawo. Panali mayi wina ataima chapafupi, ndowa ili pamutu, akuwayang'ana.

"Mwaswera bwanji, amayi?" anatero mayiyo.

"Ndaswera bwino, kaya inu?" anayankha aNangondo. Kenaka anatembenuka. "Abambo, mayi awa ali pa sikisite nawonso?"

A Phwitiko anachotsa phazi. Fumbi litatsika anatsegula chitseko kuti atsike, n'kupeza kuti pansi pafupika. Mano aja anali atagwira ntchito yawo mokhulupirika: anakumba maenje anayi okongola, nyumba n'kukhalamo.

Munthu wina akanataya mtima pomwepo, koma bambowa anali ndi nzeru zambiri za pamsewu, vuto linali loti zonse zinali za misewu ina. Anakumbukira matope a ku Mozambiki, kumene thiraki yopanda katundu imaterereka koma yolemera imagwira. Anaimirira pamchenga n'kukweza mawu.

"Abale anga, matayalawa akusowa kulemera kuti alume bwino. Ndikupempha nonse mukwere m'nyumbamu. Musaope, ndi kwanu komwe."

Kodi alipo angakane kulowa m'nyumba yamatayala? Amayi anasiya zochapa, amuna anasiya mafosholo, onse anakhamukira m'katimo, ena ndi ndowa zawo zodzaza madzi. Atatu anakhala pabedi akuyesa kufewa kwa matiresi. Wina anatsegula kabati n'kumawerenga mbale. Gogo wina wamwamuna anatsegula kampopi, madzi atatuluka anafuula kuti m'galimoto muno muli chitsime. ANangondo anawalonjera onse mmodzimmodzi, pakuti ngakhale zinthu zinali choncho, aka kanali koyamba kulandira alendo m'nyumba yawo kudera lakwawo.

A Phwitiko anaipatsanso moto. Injini inabangula, mchenga unauluka mpaka padenga, kamuvi kanafika pa eyite. Anthu m'katimo anayamba nthungululu poyesa kuti akuwoloka. Pamene anazimitsa, mimba ya galimoto inali itagona pamchenga, ndipo chitseko chinkatsegukira pansi penipeni moti wotuluka sankafunikanso kudumpha.

"Koma nyumbayi yakhazikika bwino," anatero gogo uja akutuluka. "Kungoti madzi akabwera mu Disembala mudzaipeza ku Shire."

Anthu anaseka, koma aNangondo sanaseke. Maso awo anali kutsidya, pamunthu wofunda bulangete uja. Anawerama, anavula nsapato zawo n'kuzimanga kumsonga kwa chitenje, anatenga ndodo.

"Abambo, ine ndatsogola. Achimwene akhala padzuwa nthawi yaitali."

"Dikirani, aNangondo! Ndinalonjeza kuti mufika mutakwera. Bondo lanulo, mchenga wotenthawu!"

"Mchenga uwu ndinakulira. Mundipeza."

Anayamba kuyenda, pang'onopang'ono, ndodo patsogolo, phazi limodzi, kenaka linzake. A Phwitiko anawathamangira kuti awabweze, koma jombo zawo zolimba zachidendene chachitali zinkalowa mpaka m'kakolo. Akati akankhe mwamphamvu, phazi linkangokumba. Anagwa chogwada, anadzuka, anagwanso. Mkazi wodwala bondo ankangotalikira, mwamuna wamphamvu akupuma wefuwefu pamalo amodzi.

Ali chogwada choncho, mtima ukuwawa, maso awo anagwera pamapazi a mkazi wawo. Paja ndanena kuti bambowa msewu ankauwerenga kuposa munthu aliyense amene ndinamudziwa. Anayang'ana dzenje la jombo yawo, lakuya, lopapatiza, mchenga ukugumukiramo. Anayang'ana phazi la aNangondo, lotambasuka, zala zitatanuka, losalowa ngakhale kutalika kwa chikhadabo. Anayang'ananso matayala awo ouma aja, ataima pamano ngati munthu wonyang'ama. Thukuta linkadontha pamphuno.

"Phu," anatero okha, motsitsa. "Lija linkati phu lija."

Anabwerera kugalimoto, anavula jombo n'kuziponya m'kati. Anavulanso chipewa n'kuchiika pachifuwa, monga timachitira maliro akamadutsa. Kenaka anagwada patayala lakutsogolo, anatenga msomali n'kudina pakamlomo kolowetsera mpweya. Tayala linayamba kulira kuti tsiii.

"Bambo, mwapenga?" anafuula mmodzi wa amuna a ngolo aja. "Kuno kulibe pampu! Mukuphwetsa dala?"

"Ndikulivula nsapato, achimwene," anayankha a Phwitiko.

Anyamata inu, mwina simukumvetsa kukula kwa chinthu chimenechi. Uyu anali munthu amene moyo wake wonse sanalolepo tayala lofewa kuyenda naye ngakhale kuchoka pano kufika apo. Anthu amene analipo amati misozi inkalengeza m'maso mwawo. Koma sanasiye. Anaphwetsa loyamba mpaka linatambalala pansi ngati phazi, anagogoda ndi kachitsulo, linati phu, iwo n'kuvomera ndi mutu. Anachita chimodzimodzi ndi ena atatuwo. Kupusa tonse timapusa, koma kugwada pamaso pa mudzi wa akazi ako n'kuphwetsa ulemu wako ndi dzanja lako lomwe, ndi ochepa angathe.

Atatero anapempha anthu mwaulemu kuti tsopano atsike onse, ndowa zawo zomwe. Anatsegula thanki n'kugawira amayiwo madzi onse kuti nyumba ipepuke, ndipo amayiwo anakondwa chifukwa anali madzi a mumzinda. Amuna aja anabwera ndi mafosholo n'kuchotsa mchenga pansi pa mimba ya galimoto ndi kutsogolo kwa matayala, ena anadula masamba a migwalangwa n'kuyala. A Phwitiko anakwera opanda nsapato, analowetsa giya yoyamba, n'kugunda moto ndi chala chachikulu chokha, mofatsa ngati akudzutsa mwana.

Nyumba inagwedezeka. Inabuula. Kenaka inatuluka m'maenje muja n'kuyamba kukwawa. Kamuvi kaja kanagona pansi osasuntha n'komwe, koma mitengo ya masawu inayamba kuyandikira.

A Phwitiko sanayang'anenso kamuviko. Anatsata mapazi a mkazi wawo. Pamene mapaziwo anakhota kulambalala malo a zitsime zakale, pamene mchenga umakhala wofewa kunsi, iwonso anakhota. Pamene anawongoka, anawongoka. Posakhalitsa anawapeza aNangondo ali pafupi ndi gombe lakutsidya, akadali paulendo wawo wa ndodo. Malo opitirira analipo okwanira, koma sanayerekeze. Munthu amene anapitirira thiraki iliyonse kuchoka kuno mpaka ku Beira anakhala pambuyo pa mayi wokalamba wotsimphina, osaliza ngakhale hutala, nyumba yonse ikumutsatira ngati mbuzi yoweta. Kumbuyo kwake kunali amayi a ndowa akuimba, ndipo anthu a m'mudzi anatsikira kugombe kudzachingamira.

ANangondo anakwera gombe, anakagwada pamaso pa mlongo wawo n'kuwagwira dzanja. A Bitoni analoza ndi ndodo malo apambali pa mtengo, pamene panali nyumba ya malemu amayi awo kalekale, pamene anakaniza aliyense kumangapo zaka zonsezi. Pamenepo ndi pamene a Phwitiko anaimika galimoto n'kuzimitsa.

A Bitoni anati awanyamule akaone. Anagwira khoma, anagogoda chitseko, anasuzumira m'kati, anayang'ana kakhonde ka lata.

"Denga lilipo. Khomo lilipo. Pogona palipo," anatero. "Koma alamu, nyumba ya mkamwini sikhala ndi miyendo. Ine ndikangotseka maso, mawa mudzati mungobwerako kaye ku Beira, mlongo wanga n'kudzuka khomo lake litapita. Matayalawo achoke."

"Achoka lero lomwe, alamu," anayankha a Phwitiko.

Anatulutsa jeke, anthu anatuta miyala, nyumba inakhala pamiyala inayi. Matayala aja anasankhidwa ndi ukatswiri wonse uja anawagawana. Atatu anawadula pakati kukhala zomwera nkhumba, limodzi linatha ndi nkhwayira, ndipo amene anavala nkhwayira za mano amenewo ankadandaula kuti zikukumba njira ya kudimba. Kachitsulo kaja anakapachika pamtengo, n'kukhala koimbira belu la msonkhano.

Pamene amuna ankalimbana ndi jeke, aNangondo anali atatenga tsache lija pamsomali. Panalibe zinyalala zambiri, timasamba ta masawu chabe, koma anasesa pakhomo ponse, mbali iyi ndi mbali iyo, atagwira bondo ndi dzanja limodzi, misozi ikutsika osaipukuta. A Bitoni anawayang'ana mpaka anamaliza. Anakhalabe ndi moyo kufikira mvula yoyamba, ndipo m'mawa uliwonse ankati awanyamule akamwere phala pakhomo la mlongo wawo.

Koma mawu amene anatsalira dziko lonse ananenedwa tsiku lofikalo, anthu atakhala pansi, a Phwitiko atakhala pamwala mapazi ali otupa ndi mchenga wotentha. A Bitoni, amene matenda sanawachotsere nthabwala, anawayang'ana cham'mbali.

"Alamu, ine ndimamva kuti pamsewu palibe wothamanga ngati inu. Lero ndamva ndekha injini ikubangula mpaka mbalame kuthawa m'mitengo. Akuti munafika pa eyite. Nanga zatheka bwanji kuti woyamba kundigwira dzanja akhale mlongo wanga wa ndodoyu?"

Anthu anakonzeka kuseka. A Phwitiko anayang'ana mkazi wawo, amene anali ataima pakhomo tsache lili m'manja, ndipo anayankha mosabisa nkhope.

"Alamu, si lero lokha. Ine ndathamanga kuyambira ndili mnyamata. Ndatha matayala osawerengeka, ndaona madoko ndi mizinda ya eni, koma pakhomo pano, pamene ndinalonjeza, ndafika lero, chokwawa, pambuyo pa aNangondo."

Palibe anaseka. A Bitoni anatambasula dzanja lawo lotupa n'kuwagwira paphewa, ndipo a Phwitiko anamaliza ndi mawu aja amakuuzani amayi anu m'mawa uliwonse, inu n'kumayesa akungolongolola:

"Kuthamanga sikufika."